Mipeni ya Mkamwini

Bambo anga ankasula mipeni kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Tsangano. Ku Joni anabwerako ndi chifuwa chosatha ndiponso dzanja lamanzere lopanda zala ziwiri, moti khasu linkawavuta. Ankagula masipuling'i a galimoto zakufa, kuwawotcha pamakala mpaka afiire, n'kumawasula pachidutswa cha njanji.

Anthu ankakonda mipeniyo chifukwa cha zigwiriro zake. Bambo ankadula masamba a khonje pampanda pathu, kuwapala, kuyanika ulusiwo mpaka uyere, n'kuupota pantchafu. Akatero ankasungunula utomoni wa paini m'chitini, kuthiramo phula la njuchi ndi makala osinja, n'kumakulunga chingwe chija utomoni ukadali wotentha. Chigwiriro chikauma chinkalimba ngati nyanga. Sichinkaterera ngakhale m'manja mwa munthu wosenda mbuzi.

Mayi anamwalira ine nditakwatiwa kale, nyumba yanga ili pafupi ndi yawo. Titangometa maliro, amalume, achimwene awo a mayi, anaitanitsa msonkhano pakhonde. Iwo ndiwo anali eni mbumba, ndipo munda wa mayi ankaufuna kalekale kuti abzalemo mbatata ya kachewere.

"Alamu," anatero amalume, "amene munadzera uja wagona kumanda. Takusudzulani. Muzipita kwanu."

"Kwathu kuti, alamu?" anafunsa bambo. "Ndinabwera pano ndilibe imvi."

"Njira ya ku Bwanje sinatsekedwe."

Ndinagwada n'kupempha kuti bambo azikhala kwa ine. Amalume sananditembenukire n'komwe.

"Iwe ndiwe wanga. Awa si anga. Nanga nyumba yakoyo ili padothi la yani?"

Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize, koma anangozyolika. Nawonso anali akamwini pamudzipo.

M'mawa mwake bambo anayamba kumanga katundu. Atagwira chidutswa cha njanji, amalume anachiponda ndi phazi. Anati njanji, mvukuto ndi nyundo zinapezeka pamudzi pano, ndipo zitsala pompano. Kenako anaona mipeni imene inali isanaikidwe zigwiriro.

"Iyi mumalize musanachoke. Adzukulu anga alibe mipeni."

Bambo anakhala pansi n'kumaliza. Ndinkawasonkhezera moto, iwo akutsokomola ndi utsi wa utomoni. Anakulunga chigwiriro chilichonse mosamala monga mwa nthawi zonse, kukanikiza chingwe ndi chala chachikulu mpaka chinatuluka matuza. Ndinawauza kuti angokulunga mwachisawawa, popeza mipeniyo ikupita kwa anthu omwe akuwathamangitsawa. Iwo anapitiriza kukulunga mosamala.

Tsiku lonyamuka amalume anati mlendo satsanzika ndi njala. Anakoka mbuzi ya bambo, imodzi yokhayo imene anali nayo, n'kuwapatsa umodzi mwa mipeni yatsopano ija.

"Iphani ndinu, alamu. Dzanja lanu ndi lozolowera, ngakhale lili loperewera."

Anthu anaseka. Bambo anaipha n'kuisenda. Nyama inagawidwa khomo ndi khomo, ndipo iwo anapatsidwa ziboda zokulungidwa m'pepala la shuga kuti akadye panjira. Ndinawaperekeza kukakwera galimoto atanyamula bulangete, tupa ndi chitini cha utomoni.

Ku Bwanje anafikira kwa mwana wa mlongo wawo, amene anali asanawaonepo chibadwire. Anawagoneka m'khitchini. Bambo anayesa kukonzera amayi a kumeneko zigwiriro za mipeni yakale, koma dzuwa la kuchigwa si la kumapiri. Mpeni ukasiyidwa panja, utomoni unkafewa n'kumamata m'manja. Amayiwo anabweza mipeniyo akutukwana, ndipo ana anayamba kuwatcha agogo a ulimbo. Zitatero mwana wa mlongo wawoyo anawatuma kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga, kuti asamangodya zaulere.

Ndinakawaona mpunga utayamba kucha. Ndinawapeza atakhala pamzere wa munda, akugwedeza chingwe cha zitini. Mawu okuwira mbalame analibe. Akati akuwe, chifuwa chinkawagwira, mbalame n'kumadya osawaopa. Anandifunsa za ana anga, kenako za mpanda wa khonje. Ndinawauza zoona, kuti amalume anauzula n'kuutentha pokuza munda, ndipo njanji ndi nyundo anagulitsa kwa ogula zitsulo. Anangogwedeza mutu n'kupempha madzi akumwa.

Anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Kumudzi kwathu sikunachoke munthu kupita kumaliro kupatula ine ndi amuna anga. Amalume anati miyendo ikuwawawa. Mkulu wa mpingo atafuna kunena mbiri ya malemu, anafunsa abale a ku Bwanje kuti ankagwira ntchito yanji, ndipo iwo anati ankadikira mbalame.

Tinabwerera kumudzi. Chilimwe chomwecho amuna anga anapita kwawo ku Kandeu, n'kukayamba kuumba njerwa za nyumba yathu pamalo a amayi awo.