Tsiku Limene Amayi Anagona Masana

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene boma la atsamunda linasamutsa bambo anga kuchoka ku Dowa kupita ku Mzuzu kukagwira ntchito ya ukalaliki. Tinapeza nyumba ku Masasa, pamtunda wa matope ofiira, kumene nkhungu inkachedwa kuchoka m'mawa. Sitinkadziwa aliyense, ndipo amayi sankamva Chitumbuka.

Koma chimene chinkatisowetsa mtendere chinali mlongo wanga wamng'ono, Yohane. Mwana ameneyu sankakhala pansi. Ukam'patsa chakudya, ankadya akuyenda. Ukam'letsa kanthu, ankadzigwetsa n'kumamenyetsa mutu pansi mpaka kutupa. Ankathawa, ankaswa mbale, ankagenda nkhuku za eni ake. Ine ndinkakhalira kum'thamangira, miyendo yonse ili zipsera. Amayi anasiya kupita kutchalitchi, ndipo kuchitsime ankapita akaona kuti anzawo onse achokako. Bambo anali atayamba kale kunena zotibweza kumudzi, iwo atsale okha.

Tsiku lina Yohane analuma mwana wa oyandikana nawo nyumba, a NyaMhango. Anamuluma pamkono mpaka magazi. Posakhalitsa tinaona mayi aja akubwera, wamtali, chitenje atamanga m'chiuno, mwana wolumidwayo akum'koka. Amayi anadzambatuka. Anathyola kamtengo pampanda, nam'gwira Yohane kuti am'kwapule pamaso pa mwini mwana, mkwiyo wake uphwe.

A NyaMhango anagwira kamtengoko m'mwamba.

"Yayi, anyina Esinati," anatero m'Chichewa chawo chokoka, akuwaitana amayi ndi dzina langa. "Mwam'menya kangati mwana uyu? Wasintha?"

Amayi anakasiya kamtengo kaja. Kenaka anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo akutero.

Mayi aja anakhala nawo pafupi. Anawauza kuti mwana wawo woyamba analinso chimodzimodzi, ndipo chifukwa cha manyazi ankam'tsekera m'nyumba. Tsiku lina anatulukira pazenera, nakapezeka mumtsinje atamira.

"Nanenso ndinkabisala ngati imwe," anatero. "Mawa mundipatse mwanayu. Imwe mugone. Maso anuwa afiira chomene."

M'mawa mwake anabweradi. Amuna awo ankaumba njerwa kudambo, pakuti tauni inali ikukula ndipo njerwa zinkafunika. Kumeneko anamuika Yohane m'dzenje la dothi, nam'uza kuti aponde. Anaponda, analumpha, anagwa, anadzuka, thupi lonse lili psuu. Palibe anam'kalipira. Ine ndinakhala pachulu manja ali lende, osadziwa chochita nawo, mtima ukugundabe ngati ndikum'thamangira.

Nditabwerera kunyumba masana, ndinapeza chitseko chili chotsegula, amayi ali pamphasa, mpango utagwera pambali, akuliza mkonono. Nkhuku inali kujompha mpunga pafupi ndi mutu wawo. Ndinaithamangitsa mwakachetechete, n'kukhala pakhomo kuwalondera.

Sindinganene kuti Yohane anasintha. Anapitiriza kuthawa ndi kugenda. Amayi ena ankatinenabe, akumati kwathu tinachita zamankhwala. Koma a NyaMhango anakopa anzawo angapo a kutchalitchi, ndipo anayamba kulandirana pom'samalira Yohane. Lero uyu wam'tenga kukasenda chinangwa, mawa uyo wapita naye kunkhuni. Wina analephera, nam'bweza dzuwa lisanakwere, akupukusa mutu. Amayi anga anaseka naye, ndipo mayiyo mawa lake anabweranso.

Tsiku lina kukuwaza mvula, Yohane anasowa. Kale amayi akanafunafuna okha, akuopa kuti anthu amva. Tsikulo anaima panja n'kufuula, ndipo amayi a m'nyumba zonse anatuluka, ena atafunda masaka kumutu. Anamwazikana m'minda ya azungu ya mitengo ya mafuta, dzina la Yohane likumveka zigwa zonse. Ndinkathamanga pambuyo pa a NyaMhango, ndipo ndinaona kuti iwo analunjika kumtsinje, osatembenuka, akupuma movutika. Amene anam'peza anali mayi wina, Yohaneyo ali m'mwamba mwa mtengo, akuimba.

Bambo atabwera kuntchito anapeza khonde lodzaza amayi onyowa, akumwa tiyi ndi kukangana za amene anayamba kumuona. Anavula chipewa, nayesa kuwathokoza ndi mawu a Chitumbuka amene ankawadziwa.

"Yewo chomene, amama."

Za kumudzi zija sanazitchulenso.

Yohane anakula chomwecho, wosakhazikika, wovuta kukhala naye, koma wathu. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti amayi aja analephera, poti sanam'chiritse. Ndinadzamvetsa nditabereka anga. Iwo sanabwere kudzakonza mwana ayi. Anaona mayi mnzawo akumira ali pamtunda, ndipo anam'gwira dzanja. Lero ndikamva mwana akukuwa ndi kudzigwetsa pamsika, anthu akuyang'anitsitsa mwanayo, ine ndimayang'ana amake, n'kuwafunsa ngati adya.