Agogo Anandiuza Kuti Ndiimirire

Ndikati ndiwakumbukire agogo anga aamuna, chimene chimayamba kubwera si nkhope yawo ayi, koma fungo la utsi wa zitsononkho ndi nkhuni zaziwisi, utsi umene unkatuluka pang'onopang'ono m'ming'alu ya balani yawo ya fodya, n'kukakamira m'malaya mwawo, m'ndevu zawo, ngakhale m'chikho chimene ankamwera madzi. Ankalima fodya wachikopa kumudzi kwathu, kufupi ndi Nambuma. Nyengo yofukiza ikakwana ankatandala pakhomo pa balaniyo, atakhala pa mtondo wong'aluka umene anauvundikira, akuyang'anira moto kuti usayake koma uzingofuka, uku akutsokomola ndi kung'ung'udza tinyimbo topanda mutu.

Anali bambo a amayi anga. Anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, ndipo ngakhale tsitsi lawo linayera, ngakhale agogo aakazi anali atamwalira, iwo anali mkamwini basi. Pa nkhani za ife ana, mawu anali a amalume, mwana wawo yemwe, chifukwa ndiwo anali eni mbumba. Bambo anga anali ku Halale kuntchito. Agogo ankaziseka okha.

"Ine ndine tambala wobwereka," ankatero. "Ndinalira, kunacha, koma khola si langa."

Ine ankanditchula kuti mkazi wawo, monga amachitira agogo pocheza ndi adzukulu, ndipo anali munthu wamkulu yekhayo amene ndinkatha kuseka naye osabisa pakamwa.

Zinali zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamata ambiri atatengedwa usilikali. Ndinali Sitandade 3 pa sukulu ya mishoni, ndipo Chingerezi ankatiphunzitsa Asisitere ena achizungu, aatali, a maso otuwa ngati a mphaka. Anali ndi lamulo lawo: Chingerezi sichilankhulidwa chogwada. Akakutchula dzina unkayenera kuimirira njo, kuwayang'ana kumaso, n'kuyankha mokweza kuti wa kumbuyo amve.

Koma ine amayi anandilera bwino. Kuyambira ndili wamng'ono anandiphunzitsa kuti mwana wamkazi polankhula ndi wamkulu amagwada, amayang'ana kumbali, ndipo mawu ake sapitirira pamphasa. M'mudzi monse ankandiyamikira. Tsono zimene zinkandipatsa ulemu kumudzi ndi zomwe zinkandichititsa manyazi m'kalasi. Polemba pa sileti sindinkalakwa. Koma Asisitere akangoti "Agnesi", mawondo anga ankapindika okha, maso ankathawira pa zala zakumapazi, ndipo mawu onse amene ndinkawadziwa ankafera pakhosi. Anyamata ankaseka. Wina ankanong'ona kuti, "Akupempha mchere kwa apongozi." Asisitere ankandigwira chibwano ndi chala chozizira n'kundidzutsa nkhope, ine n'kutsinzina.

Kenaka anatiuza kuti fodya akatha kugulitsidwa kudzabwera ansembe aakulu kudzatiyesa pakamwa, mmodzimmodzi. Atsikana oyankha bwino adzawatenga kuti azikhala kumishoni komweko n'kupitiriza maphunziro. Amalume atamva anangoti, "Akalephera, basi. Mapemphero amawerenga kale. Khasu likumudikira." Ndinkaifuna sukuluyo kuposa nsalu yatsopano, koma ndinalibe womuuza, kupatula masamba otsala a kope langa mmene ndinkalemba za tsiku lililonse.

Tsiku lina masana amayi anandituma kukapereka thobwa kubalani. Ndinagwada, n'kuika chikho pafupi ndi mapazi a agogo.

"Mkazi wanga," anatero, "utsi ndikukhalamo ndine, koma maso ofiira ndi ako. Zatheka bwanji? Kodi wapeza mwamuna wina?"

Ndinafuna kuseka koma ndinalira. Ndinawauza zonse. Poyamba anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, kenaka anayamba kutakasa phulusa ndi kamtengo.

"Mzungu amene amagula fodya wathu kumsika uja," anatero, "ndamugulitsa fodya kuyambira iwe usanabadwe. Ukandifunsa kuti mphuno yake ndi yotani, sindingakuuze. Ndimamudziwa nsapato. Zofiira, chidendene chakumanzere chinadyeka. Akakankha mtolo wanga ndi nsapatoyo, ndimati zikomo bwana." Anamwa thobwa. "Lowa m'katimu. Kuno kunja kuli maso."

M'balani munali mdima ndi kutentha. Masamba a fodya ankalendewera pamikangala pamwamba pathu, akuda, onona, akununkha mokoma ngati chinthu chopserera. Agogo anakhala pansi penipeni, n'kutambasula miyendo.

"Ine ndine Asisitere. Imirira."

"Agogo, sindingathe."

"Iwe, mkazi amakana mwamuna wake? Imirira, undiyang'ane."

Ndinaimirira. Mutu wanga unali pamwamba pa mutu wawo, ndipo ndinamva ngati ndavula pamsika. Nditakweza maso pang'ono ndinaona chinthu chimene sindinkachidziwa zaka zonsezo: diso lawo lakumanja linali ndi kadontho koyera pakati. Munthu amene ndinkamukonda kuposa onse, ndinali ndisanamuonepo m'maso.

Ndinayamba kunena m'Chingerezi dzina langa, mudzi wathu, zimene timalima. Iwo sankamva ngakhale liwu limodzi, koma ankagwedeza mutu mwaukali ngati woweruza. Ndikatsitsa maso ankawomba m'manja. "Wagwetsa chiyani pansipo? Kweza mawu, ndine gonthi!" Utsi unkatitulutsa misozi tonse awiri, ndipo zinkandithandiza, chifukwa sizinkadziwika kuti misozi ina ndi yamanyazi. Tinachita zimenezi masana ambiri, ndipo mawu anga anayamba kukula.

Anakula mpaka anamveka kunja. Amayi aang'ono, mng'ono wa amayi anga, anabwera kudzapala moto, n'kusuzumira. Anaona mtsikana ataimirira pamutu pa nkhalamba, maso ali tong'o, akufuula zosamveka. Anataya phale pomwepo n'kuthamanga. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa sukulu uja akukalipira agogo ake m'Chizungu.

Amalume anaitanidwa kuchokera kwa akazi awo, cha ku Kabudula. Anafika m'mawa mwake, n'kukhala pampando pakhonde pa amayi. Azimayi a mbumba yathu anakhala pamphasa, ndipo ena osaitanidwa anaima kuseri kwa nkhokwe ngati akufuna nkhuku zawo. Ine ndinagwada chapatali, pafupi ndi amayi. Agogo anafika pomaliza, akununkha utsi, n'kukhala pansi kumapeto, malo a mkamwini.

"Ndamvazi ndi zoona?" anafunsa amalume. "Mwana wamkazi kuimirira pamaso pa akulu? Mlongo wanga, ndi mmene mwalerera mwanayu?"

Ndinaona manja a amayi akupotokola nsonga ya nsalu.

Amalume anapitiriza kuti, "Ngati sukulu ikuphunzitsa zimenezi, yatha lero. Zodikira ansembe zija tazisiya."

"Sankandikalipira," anatero agogo. "Ankandiuza dzina lake."

Wina kuseri kwa nkhokwe anaseka, n'kudzitseka pakamwa.

"Dzina lake simulidziwa, bambo?" anafunsa amalume.

"Ndimalidziwa. Koma iye sankatha kulinena."

"Bambo, inu mwakalamba. Za fodya ndi zanu, za mbumba ndisiyireni. Musatikumbutse kuti kwanu kuliko."

Mawu amenewo anazizira pabwalo ponse. Aliyense anamva tanthauzo lake: nkhalamba imene mkazi wake anamwalira ikhoza kusudzulidwa n'kubwerera kumudzi kwawo, kumene sinakhaleko kuyambira unyamata. Agogo anayang'ana kubalani kwawo, kumene utsi unkatulukabe. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mwini mbumba, mwanena zoona. Koma mlandu saweruza ndi makutu okha. Muuone kaye ndi maso anu." Anandiyang'ana. "Agnesi, imirira. Uwauze amalume ako zimene umandiuza ine."

Anali asananditchulepo dzina langa chibadwire.

"Usayerekeze," ananong'ona amayi, osatembenuka.

Ndinadziwa kuti ndikakhalabe chogwada, sukulu yatha, ndipo agogo aoneka ngati nkhalamba yopenga imene yadziika pangozi pachabe. Ndinadziwanso kuti ndikadzuka, ndiponda pa zonse zimene amayi anandiphunzitsa, anthu akuona. Sindikumbukira kuti ndinasankha. Ndikumbukira timiyala timene tinakanirira m'mawondo, ndi mmene bwalo linaonekera lachilendo ndili chiimire, mitu yonse ya azimayi ili pansi panga. Amayi anadzifunditsa nsalu kumaso. Amayi aang'ono anati, "Mayo ine!"

Ndinawayang'ana amalume. Anali ndi maso aang'ono, ofiira m'mbali, ndipo ankaphethira pafupipafupi. Ndinanena dzina langa. Ndinanena mudzi wathu, ndinanena kuti timalima chimanga, mtedza ndi fodya, ndinanena kuti ndili ndi amalume amodzi. Thukuta linkayenderera kumsana, ndipo makutu anga ankatentha ngati awapsereza.

Amene anayamba kuthawitsa maso ndi amalume. Anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi ndi mpando, n'kuiingitsa ndi phazi mwaukali woposa mlandu wa nkhukuyo.

"Khala pansi," anatero.

Ndinagwa pamawondo.

"Mwanayu waonongeka kale," anatero, akulankhula kwa amayi. "Ndani angamukwatire muno? Alangizi angamuwongole bwanji? Amene anamupinda ndi omwe amusunge. Apite kwa Asisitere akewo." Anadzuka, n'kunyamuka osadya.

Umu ndi mmene ndinaipezera sukulu. Sanandilole chifukwa chakuti ndinali wanzeru, koma chifukwa anandiona ngati mphika wong'aluka umene sungagwirenso ntchito pakhomo.

Anthu atabalalika ndinawatsatira agogo kubalani. Ndinawapeza akuyesa kuika zitsononkho pamoto, koma zinkangogwera pambali. Ndinagwada n'kuyamba kuwatolera. Ndinkayembekeza kuti aseka, anene nthabwala ina ya mkazi ndi mwamuna. Sanaseke.

"Ndakugulira sukulu ndi nkhope ya amako," anatero. "Inalibe mtengo wina. Koma nkhopeyo sinali yanga kuti ndiigulitse. Pita ukawatungire madzi."

Mayeso a ansembe aja sanandivute. Munthu amene waimirira pamaso pa amalume ake sangaopenso mlendo. Koma kuchitsime azimayi anayamba kuwatchula amayi anga kuti amake dona, ndipo iwo anayamba kukatunga madzi dzuwa lili pamutu, nthawi imene kulibe anthu. Tsiku lopita kumishoni anandinyamulira kamtolo kanga njira yonse. Titafika pachipata anandikonza kolala ya diresi, n'kunena kuti, "Kunoko uzichita zawozo. Ukabwera kumudzi, uzigwada." Ndinagwada pomwepo pafumbi, atsikana a kumishoni akundiona, ndipo amayi anatembenuka msanga.

Agogo sanasudzulidwe, koma pa nkhani za mbumba sanawaitanenso. Anamwalira ndili m'chaka chachiwiri kumishoni. Amalume anakhala zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ndikabwera kumudzi ndinkawagwadira monga kale, maso kumbali, mawu pansi. Iwo ankati, "Dzukani, adona, mudetsa zovala." Sanandiitanenso kuti iwe mpaka tsiku la imfa yawo. Anthu ankaona ngati ndi ulemu. Ine ndinkalakalaka atandikalipira ngati mwana wa mlongo wawo, ngakhale kamodzi.

Ndakhala mphunzitsi moyo wanga wonse, ndipo ndaimirira pamaso pa anthu ambiri: m'kalasi, m'tchalitchi, pamaliro. Amati ndimalankhula molimba mtima. Sadziwa kuti nthawi iliyonse ndikamadzuka pampando, makutu amanditentha, mawondo amafuna pansi, ndipo penapake kumbali kwanga ndimamva ngati pali mayi amene akudzifunditsa nsalu kumaso. Manyaziwo sanathe, ndipo ndinaleka kuyembekeza kuti adzatha. Ndimadzuka nawo, n'kunena dzina langa.