Tsiku Limene Tinadikira a Mare

Ine ndi sukulu ya uphunzitsi ya ku Tete tinasiyana mwamtendere m'chaka chachiwiri. Palibe anatukwana mnzake. Iwo anamata mndandanda wa okhoza mayeso pakhoma, ine ndinauwerenga kawiri, kuyambira pamwamba kenako kuyambira pansi, ndipo nditaona kuti akuluakulu alankhula, ndinanyamula chikwama. Chimene ndinabwerera nacho kwathu ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, ndi karta yoyendetsera galimoto, yomwe ndinaipeza nthawi imene anzanga ankataya pa mabuku.

Ntchito inandipeza pakhomo la tchalitchi. Misa itatha, amayi anga anamva kuti a Lusiya, amene amagula chimanga ndi nyemba m'midzi n'kukagulitsa ku Cassacatiza, motorisita wawo, woyendetsa galimoto, wawoloka malire osatsanzika. Amayi sanandifunse maganizo. Lolemba m'mawa ndinali nditaima pafupi ndi karinya yoyera, galimoto ya bokosi kumbuyo, a Lusiya akundiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika.

"Galimoto iyi ndiye munda wanga," anatero. "Ikafa, iwe ndi ine tathana."

Anandiphunzitsa okha. M'mawa uliwonse usanalize injini, solola kachitsulo ka mafuta, kapukute, kabwezere, kasololenso, uone pamene mafuta alekeza. Yang'ana madzi. Mateyala usawayese pomenya ndi phazi ngati ukuthamangitsa galu, pali kachipangizo kake. Kuseri kwa mpando kuzikhala makako wonyamulira galimoto, sipanala ya mawilo ndi pampu yopondera, ndipo m'bokosi fosholo, chingwe ndi matabwa awiri a pamatope. Miyezi itatu ndinanyamula matumba popanda mlandu, kupatula nkhuku imodzi imene inasankha yokha kulowa pansi pa teyala.

Mu Disembala, kutentha kutafika poti agalu aleka kuuwa, a Lusiya anandipatsa katundu wina: makolo awo, bambo Zakariya ndi mayi Filomena. Awiriwa anakwatirana ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Bambowo analibe ngakhale nsalu yopatsa mkwatibwi, ndiye anapereka lonjezo, kuti nkhondo ikadzatha adzamuonetsa nyanja ya mchere. Nkhondo inatha, ana anabadwa, adzukulu anabadwa, ndipo mayi Filomena ankakumbutsa lonjezolo nthawi iliyonse bambo akapempha madzi osamba. Mwana wawo anatopa nazo. Anati ndiwatengere ku Beira, akakhale masiku atatu.

Ulendo unatitengera masiku awiri, tonse atatu kutsogolo, mayi pakati. Pa mlatho wa Zambezi bambo anati, "Nabanda, yang'ana bwino, izi n'zongolawitsa." Mayi anati, "A Phiri, mukanandionetsa mtsinje uwu kalekale ndikanakukhululukirani." Ku Beira tinaona zombo zotalika kuposa tchalitchi chathu, ndi nsanja ya nyali yolondolera zombozo. Tinadya kamarau, tinyama ta m'nyanja timene mayi anatitcha ziwala za m'madzi, ndipo anadya mbale yawo ndi theka la ya bambo kwinaku akudandaula.

Tsiku lomaliza mayi ananena kuti kuona sikokwanira, akufuna kuigwira nyanjayo. Vuto linali mawondo awo, omwe salola mtunda wautali. Tinapita kunja kwa mzinda kumene asodzi amakocheza, ndipo tinapeza madzi ali kutali kwambiri. Pakati panali mchenga wonyowa, wosalala, wolimba ngati pansi pozira. Ndinauponda, ndinaudumphira, ndinayang'ana kumwamba: mtambo unalibe ndi umodzi womwe. Kwathu madzi amadzaza mvula ikagwa. Monga munthu amene anafikako chaka chachiwiri, ndinagamula kuti palibe choopsa, ndipo ndinatsitsira karinya pamchengapo mpaka pafupi ndi madzi.

Ndinayala matumba, mayi anakhala pansi, navula nsapato. Pamenepo msodzi wina wachikulire amene ankasoka ukonde anabwera n'kundiuza, m'Chipwitikizi chosakaniza ndi Chisena, kuti ndichenjere, a mare ali pafupi kubwera.

Ine ndinamva dzina la munthu. Ndinaganiza kuti a Mare ndi mkulu wa boma woyang'anira gombe. Ndinamuyankha mwaulemu kuti akabwera tidzalankhula nawo, mapepala onse a galimoto ndili nawo. Msodzi uja anangobwerera ku ukonde wake.

Bambo Zakariya atamva anavala jekete. "Mwanawe, ngati ndi akuluakulu, sitingachoke osawapatsa moni," anatero. "Adzati anthu a ku Chifunde analeredwa kuti?"

Tinawadikira. Bambo anaima moongoka atayang'ana kumsewu, ine ndili pambali pawo ndi mapepala m'manja, nyanja tayifulatira. Amene anatidzutsa ndi mayi.

"A Phiri! Nsapato yanga ikupita!"

Titatembenuka, madzi anali atazungulira matumba, akunyambita mateyala akutsogolo. Ndinathamangira m'galimoto, ndinaika giya yobwerera m'mbuyo, ndipo ndinachita chimene munthu wamantha aliyense amachita: ndinaponda moto wonse. Mateyala am'mbuyo anazungulira pamalo amodzi, nakumba manda awo okha. Galimoto inakhala pansi mpaka pamimba. Ndinazimitsa injini, ndipo m'maso mwanga munabwera nkhope ya a Lusiya, kenako ya amayi anga, kenako khasu.

Msodzi uja anafika ndi anzake asanu ndi amayi awiri ogula nsomba. Sanandinyoze, zimene zinandipweteka kwambiri. Anandilanda ulamuliro, ine n'kukhala manja ake. Choyamba, phwetsa mateyala am'mbuyo mpaka afutukuke ngati phazi la bakha. Chachiwiri, kumba mchenga kuseri kwa teyala lililonse, njira yotsetsereka, osati dzenje. Makako ukamuika pamchenga amangomira, ndiye tinamukhazika pathabwa limodzi, kukweza mbali imodzi, kukwirira dzenje, kulowetsa thabwa linalo pansi pa teyala. Mbali inayo asodzi anabwereka chitseko chakale cha pamsasa wawo. Funde lililonse linkabweza theka la mchenga umene tachotsa. Bambo Zakariya ankakumba ndi manja atavala jekete lawo la Misa.

Kenako msodzi anati kumbuyo kwapepuka, pakufunika cholemera pamwamba pa mateyala. Tonse tinayang'ana uku ndi uku, kupewa kuyang'ana malo amodzi. Mayi Filomena anati, "Musavutike, ndamva." Bambo anawerama kuti awabereke. "Mudzathyoka, nkhalamba inu," anatero mayi, koma anakwera ndithu pamsana. Anayenda mapazi asanu okha m'madzi ofika m'mawondo, onse awiri akuseka ngati ana othawa katekisimu, mpaka tinawakweza m'bokosi.

"Moto pang'ono," anandiuza msodzi, "ngati ukuponda dzira." Iwo anakankha kutsogolo, ine ndinamasula phazi pang'onopang'ono. Galimoto inanjenjemera, inagwira thabwa, inakwera. Sindinaime mpaka pouma, mayi ali kumbuyo akuimba nyimbo ya zopereka.

Nditapuma, ndinafunsa msodzi uja ngati a Mare aja abwerabe, kuti mwina tidikire. Analoza buluku langa lonyowa. "Si awa afika kale?" Anandifotokozera kuti mare ndi kudzaza kwa nyanja, kuti imapita n'kubwera kawiri tsiku lililonse, mvula igwe isagwe. Bambo Zakariya anavula chipewa, nayang'ana madziwo, nati, "Chabwino, moni tapereka."

Ndinapopa mateyala ndi pampu mpaka mwendo unaleka kundimvera. Kenako ndinapita pamalo otsukira magalimoto n'kuthira madzi abwino kunsi konse, m'mabuleki ndi m'masipiringi, chifukwa mchere umadya chitsulo mwakachetechete ngati chiswe. Pobwerera mayi ananyamula botolo la madzi a m'nyanja ndi nsapato imodzi. Anati inayo aisiyira nyanja, isadzati tinapita chimanjamanja.

Titafika, a Lusiya anazungulira galimoto, anagwada, natulutsa kachigoba ka nkhono pakati pa masipiringi. Bambo anayamba kundiikira kumbuyo. "Mwana wanga, tinakumana ndi akuluakulu ena ake kumeneko, anatisambitsa mapazi." Ndinaona kuti bambowo, mkulu wa mpingo wathunthu, atsala pang'ono kuchimwa chifukwa cha ine, ndiye ndinaulula zonse, kuyambira pa mapepala mpaka pa chitseko. A Lusiya anatembenuka. Anayang'ana amayi awo, amene anali atayamba kale kulawitsa anansi madzi a m'botolo, aliyense dontho limodzi pachala. Kenako mapewa a abwana angawo anayamba kugwedezeka ndi kuseka, mpaka anakhala pa thumba la nyemba.

"Mawa m'mamawa kuli katundu ku Chifunde," anatero akupukuta misozi. "Ukamva kuti kukubwera munthu, usamudikire mumtsinje."

Ndikuyendetsabe, ndipo ndafika malo ambiri kumene sindidziwa chinenero. Munthu wa kumaloko akandichenjeza, sindiyambanso ndi kutulutsa mapepala kapena nzeru za chaka chachiwiri. Ndimasuntha kaye galimoto, kenako ndimabwerera wapansi, chipewa m'manja, n'kufunsa kuti akubwerawo ndi a kwa yani.