Kabotolo kanu kaja katha

Anyina Lusungu, mkazi wanga, lero chakwana chaka chichokereni inu padziko pano. Kaya ndiyambire pati. Kabotolo ka mafuta onunkhira munasakaniza kaja katha. Mukukumbuka tsiku lija pakhonde ku Chisenga, mukudonthezera mafuta a bulugamu ndi a mandimu m'mafuta a mpendadzuwa? Munati, "Awiske Lusungu, bwerani muone muyezo wake." Ine ndinaseka, ndinati za azimayi izo, n'kupita kumpira.

Mwana wanu Lusungu sagona osamupaka pachifuwa, mukudziwa inu. Dzulo ndinayesa kusakaniza ndekha, ndinachulutsa bulugamu, khungu lake linafiira, likumuyabwa. Ananunkhiza dzanja langa n'kunena kuti, "Adada, si fungo la amama ili." Mpaka pano kabotolo kopanda kanthu kaja akukana kukasiya, akungokanunkhiza.