Maikolofoni Imene Inamva Akazi Anga

Akamwini anga, oyimbitsa kwaya ku Nzama, atafuna kutsegula situdiyo m'chipinda chathu chosungiramo kachewere, anabwera ndi maikolofoni ziwiri kuchokera kwa wasitolo wina paboma kuti tiyese, asankhepo imodzi. Kompyuta anali atagula kale yapakaunjika, yolira ngati chigayo. M'makoma tinakhoma masaka.

"Bambo, tayimbani timve," anatero.

Ine ndi mano anga anayi otsalawa ndinayamba nyimbo ya ngoma. Maikolofoni yoyamba inandimeza mawu. Ndinati, "Iyi yatengera inuyo akamwini, siimva." Yachiwiri inali yamakutu: inatola nkhuku panja, ngakhale kulira kwa m'mimba mwanga.

Tikumvetsera zojambulazo, akamwini analeka kuseka n'kundiveka mahedifoni m'makutu. Pansi pa nyimbo yanga pankamveka munthu akupuma modukiza, molira ngati mluzu, kenako chifuwa chotsekedwa ndi nsalu. Kuseri kwa khomalo kunagona akazi anga, amene masiku onsewo ankatiuza kuti angotopa ndi kumunda.

"Mugule yoyamba ija," ndinatero.

Akamwini anatuluka kukapopa njinga yoti titengere akazi angawo kuchipatala.