Nyimbo ya Che Jafali Yothera Pakati

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za Amidu. Koma ndikuchenjezeretu kuti nkhaniyi ili ndi minga.

Mwezi wa Epulo chaka cha 2020, Amidu ankalondera hotela yopanda munthu ku Doha. Mliri wa korona unali utatseka chilichonse. Alendo anathawa, ophika anawabweza kwawo, mipando anaisanjikiza miyendo m'mwamba, koma mlonda yekha ndiye anamusiya. Bambo wamkulu, wa ana atatu ku Ntaja, ankatandala ataimirira, chophimba kukamwa chitanyowa ndi thukuta, kudikira akuba amene nawonso anali atadzitsekera m'nyumba.

Tsiku lina masana mlongo wake Khadija anaimba foni.

"Achimwene, ababa agwa. Dzanja lamanja lafa, mwendonso. Pakamwa papotoka, koma mawu akumveka pang'ono."

"Maflight kulibe, Khadija. Ngakhale nditalira bwanji, kuno sindingatuluke."

"Sakufunsa za ndege. Akungoti nyimbo zawo zafa limodzi ndi dzanja. Kuyambira dzulo mawu ndi omwewo."

Amidu anadula foni mtima ukuwawa. Ndipo tinene chilungamo, chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali chisoni ayi, unali mkwiyo. Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, n'kumalirira nyimbo zomwe zinagonetsa ana ake ndi njala?

Inu ana a lero simungawadziwe Che Jafali, bambo ake a Amidu. M'zaka za m'ma 1960 Limbe yonse inkawatcha Namondwe. Anali mnyamata wosita zovala kwa telala wina, ndipo shopu yoyandikana nayo inali ya mmwenye wa galamafoni, amene ankaliza mbale za ku Amereka, nyimbo zothamanga zimene anthu ankati rokenirolo. Jafali Chingerezi sankachimva ngakhale liwu limodzi. Iye anangomva kagundidwe kake, n'kunena kuti, "Izi si zachilendo. Awa ndi manganje ovala suti."

Anagula gitala yakutha kwa munthu wina wochokera ku Joni, n'kudziphunzitsa yekha kuseri kwa shopu. Chala chachikulu chinkagunda nsambo zokhuthala ngati ng'oma, zala zinazo zikukuwa pamwamba. Ankaimba Chiyao ndi Chichewa mophatikiza, tsitsi atalisunzumitsa ndi mafuta, mwendo wakumanzere ukunjenjemera wokha. Nyimbo ikafika pakati ankadzigwetsa chogwada gitala ili pamutu, holo yonse n'kusokonekera. Akuluakulu a ku mzikiti ankamutemberera Lachisanu, ana awo aakazi n'kumatulukira pawindo Loweruka.

Ndiye kunabwera mkulu wina wamalonda, wolankhula bwino. Anajambula nyimbo zonse pa tepi, nati akukadinda mbale ku Salisbury. Sanaonekenso, tepinso osaoneka. Posakhalitsa rumba ya ku Kongo inalowa m'tauni, ndipo anthu omwe aja ankakomoka ndi Namondwe anayamba kumuyang'ana ngati malaya a chaka chatha. Anabwerera ku Ntaja kukamata machubu a njinga. Gitala anaigulitsa chaka cha njala, mkazi naye anatopa n'kupita.

Amidu anakula anzake akumuseka kuti, "Mwana wa Namondwe, tagwedeza mwendo tione!" Atakula, bambo ake ankamunyengerera kuti akabwereke gitala kwa mphunzitsi wina wa pafupi, amuonetse nyimbo ziwiri zitatu. Iye yankho lake linali limodzi: "Nyimbo zanuzo zinadyetsa ndani, baba?" Zaka makumi awiri anakhala khomo loyandikana ndi mkuluyo, osalola kumva ngakhale vesi imodzi.

Patapita masiku angapo chiimbireni foni ija, Khadija anatumiza mawu ojambula. Amidu anawamvetsera atakhala pa masitepe a hotela. Anali bambo ake akuyesa kuimba ndi pakamwa popotoka paja. Anayamba, n'kulephera. Anayambanso, n'kulepheranso. Kenako kunamveka chinthu chimene Amidu anali asanamvepo chibadwire: Che Jafali akulira. Apo m'pamene anazindikira kuti nyimbo zija sizinali pa mbale, sizinali pa tepi, sizinali kwa munthu wina aliyense padziko. Zinali m'mutu umodzi wokha, ndipo mutuwo unali ukuzima.

M'chipinda chachikulu cha madansi munali zida za bandi ya anyamata a ku Philippines, amene anachoka mothamanga mliri utayamba. Amidu anatsegula chikwama chimodzi n'kutulutsa gitala. Nthawi yopuma ikakwana, m'malo modya, ankakhala pakona n'kumaphunzira kuchokera m'makanema a pafoni. Anaichuna monga mmene makanemawo ankanenera, zala n'kuziika pomwe ankamuuza. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, khungu linauma. Akabwerera kuchipinda chawo ku Najma, komwe ankagona amuna asanu ndi atatu, mnzake Cassim ankamuseka.

"Akulu, pa age imeneyi mukufuna kukhala star? Tagonani, mawa duty."

Amidu ankangopitiriza kuphunzira. Khadija ankatumiza mawu a mkulu uja akung'ung'udza nyimbo, iye n'kumazifunafuna pa gitala. Koma zinkakana. Zinkatuluka zozizira, zaulemu, zopanda mwendo. Miyezi itatu inatha choncho, mpaka anayamba kukhulupirira kuti magazi a Namondwe anamudumpha.

Mu Julayi analimba mtima, anaimba foni n'kuwaimbira bambo ake.

"Imeneyo ndi ya kumaliro a ndani?" anafunsa Che Jafali, mawu akukokeka.

"Ndi yanu, baba."

"Yanga ayi. Nsambo zilipo zingati?"

"Zisanu ndi imodzi, ngati gitala iliyonse."

Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola. "Chitsiru cha mwana wanga. Chotsa imodzi."

Nkhani yake inali yotere. Gitala ija ya ku Joni anaigula ilibe nsambo imodzi, ndipo panalibe womuuza kuti ikusowa. Zisanu zotsalazo anazikunga ndi khutu, kutsata mmene ng'oma za manganje zimayankhirana. Nyimbo zake zonse zinabadwira pamenepo. Akanakhala kuti Amidu anayang'anako gitala ya bambo ake kamodzi kokha ali mwana, miyezi itatu ija sakanaitaya.

Anamasula nsambo ija. Bambo ake ankang'ung'udza liwu, iye n'kumakunga. "Kunga. Kunganso. Basi, pomwepo!" Atagunda ndi chala chachikulu, chipinda chopanda anthu chija chinayankha, ndipo anangoona mwendo wake wakumanzere ukunjenjemera wokha. Ku Ntaja, Khadija akuti mkuluyo anamenya mphasa ndi dzanja lamoyo lija.

Koma chimwemwe cha wosauka sichichedwa kupeza mwini wake. Kamera ya m'chipindamo inali itaona zonse. Mawa lake supavaiza wa kampani ya alonda anamuitana.

"Tinakulemba kulondera katundu kapena kuwononga katundu? Khalas, basi, hotela waiona komaliza."

Anamutumiza kukalondera bwalo la zitsulo kunja kwa mzinda, kumchenga, komwe foni inkaletsedwa pa ntchito ndipo netiweki inkabwera ikafuna. Anapempha kuti amulole akafune ntchito kwina. Masiku amenewo munthu sunkasintha ntchito popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa abwana ako, ndipo abwanawo anangomuyang'ana n'kupitiriza kumwa tiyi.

Apa ambiri tikanasiya. Amidu anatola thabwa, anakhomapo mawaya asanu, n'kumayendetsapo zala dzuwa likuswa mtengo, kuti zisaiwale. Thabwalo silinkalira n'komwe. Anzake ankati kutentha kwamulowa m'mutu.

Mu Seputembala lamulo linasintha, kalata ija inathetsedwa. Musaganize kuti abwana anasangalala. Anamuopseza kuti amubweza ku Malawi, anamuchedwetsa, lero ichi mawa icho. Amidu sanatukwane munthu. Anangopita kuofesi mobwerezabwereza mpaka iwo ndi amene anatopa naye. Mu Disembala anayamba ntchito yoperekera zakudya pa galimoto, pa lesitilanti ina yaing'ono ya m'dera lotchedwa Old Airport. Lachisanu lake loyamba lopuma anapita kumsika wa zinthu zakale ku Najma, anagula gitala, n'kuchotsa nsambo imodzi wogulitsa akuona. Munthuyo anagwira kumutu.

Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, sukulu inkayamba. Khadija ankagwira foni pafupi ndi pakamwa pa mkuluyo. Che Jafali anali mphunzitsi woipa mtima. "Ukuisisita bwanji ngati mphaka? Imenye!" Nyimbo zinkatuluka imodziimodzi, koma mawu a mkuluyo ankachepa sabata ndi sabata, ndipo onse atatu ankadziwa tanthauzo lake.

Yaikulu anaisungira kumapeto, poti inali yovuta. Inali "Nsapato za Eveless", nyimbo ya mtsikana amene ankayenda wapansi kuchokera ku Bangwe nsapato atazisenza pamutu, n'kudzazivalira pakhomo la holo kuti zisathe. Imeneyo ndi imene inkagwetsa anthu ku Limbe. Mu Januwale chaka cha 2021, korona atalusa ku Malawi, anayamba kuiphunzira. Anafika pakati, Eveless atavala nsapato, dzanja lili pachitseko.

"Apa m'pamene ndinkagwada," anatero Che Jafali akupuma movutika. "Kuchokera apa gitala imalankhula yokha. Ndatopa, mwanawe. Lachisanu."

Lachiwiri m'mawa Khadija anaimba foni. Amidu anali pa galimoto, zakudya za anthu zili kumbuyo. Anaimika pambali pa msewu n'kumvetsera. Che Jafali anawaika m'manda tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chawo, anthu ochepa ataima motalikirana. Palibe nyuzipepala imene inalemba kuti Namondwe wapita.

Masabata angapo Amidu gitala sanaikhudze. Ankangowerengera m'mutu: miyezi ija ya kumchenga, miyezi ija ya nsambo yolakwika. Koma akafika pa zaka makumi awiri zija, panalibe supavaiza woti amuloze chala. Zimenezo anataya yekha, ndi pakamwa pake.

Anaitolanso chifukwa panalibenso wina woti aitole. Tsiku lina mwini lesitilanti anamumva akuimba kuseri kwa khitchini, ndipo malamulo a mliri atafewa anamupatsa kona Lachisanu. Poyamba ankabwera alonda ndi madalaivala a ku Malawi okha, ena kudzaseka. Kenako kunayamba kubwera a ku Kenya, a ku Nepal, ngakhale anyamata a bandi aja atabwerera, n'kumasuzumira zala zake kuti akuchita bwanji. Lero Amidu amaimba pa hotela ina yaikulu moyang'anana ndi Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, atavala suti, ndipo pakhomo pamakhala mlonda womutsegulira chitseko. Nyimbo zija anazijambula zonse mu situdiyo, dzina lolembedwa pamwamba ndi la Che Jafali. Ana a Amidu ku Ntaja, akawatcha zidzukulu za Namondwe, amayankha monyada.

Koma pali chinthu chimodzi chimene amachita, chimene mamanejala ake amadana nacho. Amamalizira ndi "Nsapato za Eveless". Anthu amadzuka, matebulo amakankhidwa, mwendo uja umanjenjemera. Eveless akangovala nsapato n'kugwira chitseko, Amidu amaphimba nsambo ndi chikhatho. Zii. Anthu amakuwa kuti apitirize, iye amawerama n'kutsika.

Cassim, yemwe uja ankamuseka ku Najma, anamufunsapo.

"Akulu, bwanji osangocomposa mbali yotsalayo? Ndani angadziwe?"

"Ine ndidziwa," anayankha Amidu. "Anandiitana zaka twente kuti ndikaimve yonse, ine n'kumafunsa kuti inadyetsa ndani. Lero ikundidyetsa ine. Ikathera pomwe anathera."

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, musataye mtima. Munthu anaphunzira gitala ndi imvi, pa thabwa losalira, m'dziko la eni, ndipo anafika. Inunso mukhoza kufika. Koma ndikupempheni chinthu chinanso, ndipo ichi ndikunena mtima ukundiwawa: musachedwe. Ngati kwanu kuli nkhalamba imene imakutopetsani ndi zakale zake, imbani foni lero, muimvetsere mpaka imalize. Amidu anapirira, ndipo anapulumutsa nyimbo zonse kupatula theka la imodzi. Mukamufunsa, adzakuuzani kuti theka limenelo ndi limene amalimva tsiku lililonse.