Dzina Limene Ndinalemba Kumapeto kwa Kope

Pa esiteti ya tiyi munthu wogwira cholembera sitimukhulupirira msanga. Mvula ikayamba timakaima pamzere ku ofesi kudikira kulembedwa ntchito, ndipo amene sanalembedwe amabwerera kumudzi chimanjamanja. Ukachedwa m'mawa, kapitawo amakulemba. Ukafika ndi dengu pasikelo, kalaliki amasuzumira n'kulemba zimene iwe sukuziona, ukafunsa amati suntha, kumbuyo kuli anzako. Choncho kwathu kuno ukamva kuti "akulemba", umayamba wafunsa kuti wandilemba ndani, ndipo wandilemberanji.

Zonsezi ndinkazidziwa, pakuti tiyi wa ku Thyolo ndathyola zaka zambiri, koma ndinagulabe kope.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Kutchalitchi kuyimba sinditha. Ndikayambitsa nyimbo amayi amayang'anana n'kuyambanso okha ngati sanandimve. Ndikati ndilalikire ndimachita chibwibwi. Kwa nthawi yaitali ndinkafunsa Mulungu ngati anandiika m'nyumba mwake kuti ndizingosesa basi. Yankho linabwera Lachinayi lina pamsonkhano wa amayi. Tinapempherera odwala mmodzimmodzi, koma titangoti ameni mayi wina anayamba kulira, chifukwa tinaiwala mwamuna wake amene tinalonjeza kumukumbukira. Ndinamva ngati wina wandiitana dzina. Loweruka lake ndinakwera kabaza mpaka ku Luchenza, ndinagula kope la chikuto cholimba ndi mabolopeni awiri, yabuluu ndi yofiira. Yofiirayo sindinkaifuna, koma ankagulitsa pamodzi.

Kachitidwe kanga kanali kosavuta. Ndinkalemba dzina la wodwala ndi chimene chikumuvuta. Tsiku lililonse ndikamupempherera ndinkaika kamtanda pambali pa dzinalo, ndipo akachira ndinkalemba kuti "Wayankha". Lachinayi ndinkawerenga mayinawo kuti pasapezekenso woiwalika. Posakhalitsa anthu anayamba kundipeza okha pakhomo, ena m'munda momwe, kuti ndiwalembere m'bale wawo. Ndisabise, ndinkanyada. Nanenso ndinali nditapeza ntchito yanga pamaso pa Mulungu.

Kumalaini, kumene ife antchito timakhala, ndinkagawana khoma ndi mayi wina wamkulu kwa ine, amene ndinkawatcha achemwali ngakhale sitinali apachibale. M'munda mzere wawo unkayandikana ndi wanga, ndipo pothyola masamba ankandisiya kutali uku akundiseka kuti manja anga ndi a muofesi. Sukulu sanapondeko. Mvula ikagwa ndiwo ankandisungira kope pansi pa pulasitiki yawo, chifukwa yanga inali yong'ambika. Mwana wawo wamkazi anali m'gulu la oyamba kulembedwa, malungo atamugwira, ndipo anachira.

Dzinja lachiwiri ndi limene linasokoneza zonse. M'miyezi iwiri kumalaini kunagwa maliro atatu: mlonda wina wachikulire, mayi amene anatsokomola chaka chonse, ndi khanda. Onse atatu anali m'kope mwanga. Nanga akanakhala kuti? Ndinawalemba chifukwa ankadwala. Koma anthu anaiwerenga nkhaniyo chobwerera m'mbuyo, akuti anadwala chifukwa ndinawalemba.

Palibe anandiuza pamaso. Ndinkangoona kuti ndikafika pampopi nkhani ikuduka, kapena ikulowa m'Chilomwe, ngati aiwala kuti mayi anga anandilera m'chinenero chomwecho. Ana anasiya kusewera pakhomo panga. Kapitawo, amene ankakonda zoseka, tsiku lina anakuwa m'munda kuti, "Amayi, ine ndili bwinobwino, musandilembe!" Anthu anaseka, koma sanaseke onse. Kenako mayi yemwe uja analira pamsonkhano anabwera madzulo, n'kuima patali osalowa pakhonde.

"Dzina la bambo akunyumba mulichotsemo," anatero.

"Chifukwa chiyani? Ndinu munalira kuti tawaiwala."

"Tangochotsanimoni. Anthu akuti kumene mumapereka mayinawo ndi kwina. Akuti ukaikidwa mitanda yambiri ndiye kuti taimu yako yakwana."

Za mitandazo ndi zimene zinandilasa. Mayina ankamva aliyense Lachinayi, koma mitanda ndani anaiona? Kope sindinkalisiya paliponse. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaligwira ine kulibe, ndipo munthuyo ankagona kuseri kwa khoma langa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwayang'anitsitsa achemwali, ndipo chilichonse chimene ankachita chinkanditsimikizira. Ndinawapeza kuseri kwa shedi ya sikelo akulankhula motsitsa mawu ndi mkazi wa malemu mlonda uja. Atandiona anangoti zii. Akandipatsa moni mwansangala ndinkati akubisa. Akandipatsa moni wamba ndinkati aulula. Tsiku lina anandigawira chinangwa chophika, ndinalandira ndi manja awiri n'kukachitaya m'tchire la tiyi.

Masiku omwewo ndinapita ku Masambanjati kukaona azakhali anga, ndipo pamsika ndinapeza mlaliki wina wa chimkuzamawu akutuluka thukuta. Ankanena za nkhondo yauzimu. Ankati Satana akafuna kugwetsa utumiki wako satuma mlendo, amatuma amene umadya naye. Ankati mdani usamunyengerere, mutchule dzina, muitanire moto. Ndinaima pamenepo ndi mtolo wa nzimbe pamutu, ndikumva ngati akundiwerengera kalata yanga. Nditafika kunyumba ndinatembenuza kope chadodolido, n'kutsegula tsamba lomaliza. Ndinatenga bolopeni yofiira ija, imene inali isanagwirepo ntchito, ndinalemba pamwamba kuti "Adani a ntchito ya Mulungu". Pansi pake ndinalemba dzina la achemwali, lonse lathunthu.

Ndinasala kudya masiku atatu. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndinkapemphera kuti Mulungu athane nawo, n'kuika kamtanda kofiira. Sabata isanathe anadzibaya pachitsa cha tiyi wodulira, mwendo n'kutupa mpaka bandeji yakuchipatala kuchepa. Ndinkawamva akubuula kuseri kwa khoma. Chimene ndinamva mumtima ndichinena mmene chinalili: ndinakondwa. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti "Wayankha".

Nkhani itakula, akulu ampingo anandiitana. Anati Loweruka masana tikaweruka ndibwere ndi kope, liwerengedwe pamaso pa onse. Mwina wina adzafunsa chifukwa chimene sindinang'ambe tsamba lomaliza lija. Ndinaganizapo. Koma ndinkaopa kuti akaona pong'ambika adzati ndabisa zoopsa, komanso kunena zoona sindinkaliona ngati tchimo. Ndinkati ndi nkhondo, ndipo amene ayambe kuwerenga kumayambiriro atopa asanafike kumapeto, popeza pakati panali masamba ambiri osalembedwa.

Tsikulo kunali chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza, koma tchalitchi chinadzaza kuposa Lamulungu. Ena anali oti sitinawaonepo m'mapemphero chibadwire. Mkulu wampingo, bambo wofatsa amene ankagwira ntchito kufakitale, anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga tsamba ndi tsamba. Dzina, matenda, mitanda. Anafunsa tanthauzo la mitandayo, ndinafotokoza. Anawerenga onse amene pambali pawo panali "Wayankha", ndipo anali ochuluka kuposa omwalira. Koma kumbuyo kunkamvekabe manong'onong'o. Bambo wina anati amene amachita zoterezi salemba poyera, ndiye mpingo usapusitsidwe ndi mawu okoma.

Apo ndi pamene achemwali anaimirira, atatsamira ndodo. Ndinati basi, lero aonekera.

"Abale, ine sindinaphunzire, koma mutu ndili nawo," anatero. "Kuchipatala nesi amalemba dzina la wodwala aliyense. Wina akamwalira, mumati wapha ndi nesi? Mwana wanga analembedwa m'kope limenelo, suyu wakhala apayu? Za mitandazo ndinanena ndine pampopi, shuwa, ndinanena. Ndimayamikira kuti onani mmene mnzathuyu akutipempherera tsiku ndi tsiku. Inu mwazitenga n'kuzipotoza. Mayi awa," analoza mkazi wa mlonda uja, "ndinawakalipira kuseri kwa shedi kuti asiye kunamizira munthu wosalakwa. Ndikunama?"

Mkazi wa mlonda anaweramitsa mutu. Ine ndinakumbukira tsamba lomaliza lija.

"Bweretsani kuno kopelo," anapitiriza. "Ndiligwire ndi manja angawa muone ngati ndigwe."

Mkulu wampingo anawapatsira. Munthu wosawerenga sadziwa kumutu ndi kumiyendo kwa buku. Analilandira chozondoka, n'kutsegula chikuto chimene chinali pamwamba, ndipo tsamba loyamba kuwaonekera linali lomaliza lija, litaima bwinobwino ngati lawadikira.

Achemwali sankatha kuwerenga chilichonse kupatula chinthu chimodzi. Dzina lawo ankalidziwa maonekedwe ake, chifukwa analiona zaka zonsezi patikiti yawo ya kusikelo. Ndinawaona akuliyang'ana, akuliyendetsa chala. Kenako nkhope yawo inawala.

"Ee! Nanenso ndilimo!" anakweza kope m'mwamba. "Onani, dzina langa ili, pa tsamba langalanga, ndi inki yofiira. Ndi za mwendowu izi. Sanandiuze n'komwe. Mitanda ingati iyi? Isanu ndi inayi! Ndiye ndafa ine? Mwendo sukuphwa uwu?"

Tchalitchi chonse chinaseka, kuseka kwa anthu amene apepukidwa. Wina anayambitsa nyimbo. Bambo wa kumbuyo uja anatuluka mwakachetechete. Pa anthu onse, mmodzi yekha ndiye anali pafupi moti n'kuwerenga mawu a pamwamba pa tsambalo, ndiye mkulu wampingo. Anawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutenga kope m'manja mwa achemwali n'kulitseka. Anauza mpingo kuti mwa zimene anthu ankandinenera sanapeze mlandu. Pondibwezera kopelo ananena motsitsa kuti, "Amayi, tsamba lina lija mukawawerengere eni ake."

Ndinayenda nawo achemwali kubwerera kumalaini, atandigwira paphewa chifukwa njira inali yoterera. Ankangondithokoza. Ndinafika kunyumba nditayeretsedwa pamaso pa anthu, koma sindinadzionepo wauve ngati tsiku limenelo.

Ndikanatha kukhala chete. Mkulu wampingo si munthu wolankhulalankhula, ndipo achemwali akanafa akukhulupirira kuti ndinawapempherera mwendo. Lamulungu m'mawa ndinavala zakutchalitchi, ndinatuluka, koma miyendo inakana kupitirira khomo lawo. Ndinawapeza pakhonde akumanga bandeji.

"Achemwali, ndabwera ndikuwerengereni tsamba lanu lija."

"Werengani, ndimve mmene mumandinenera kwa Mulungu."

Ndinawerenga mawu a pamwamba aja, kenako dzina lawo. Chibwibwi sichinandigwire, mwina chikanandigwira zikanakhalako bwino. Anasiya bandeji ili lendelende.

"Adani," anabwereza. "Ndiye mitanda ija inali ya chiyani?"

"Kuti Mulungu athane nanu. Ndinkaganiza kuti ndinu mukundiipitsira mbiri."

"Nanga mwendo utatupa?"

"Ndinakondwa. Ndikhululukireni."

Anayang'ana kumunda, kumene nkhungu inali isanachoke pa tiyi. Sanalire, sanakalipe. Ndikanakonda akanditukwana.

"Ndiye anthu aja sanalakwe kwenikweni," anatero pomaliza. "Anangolakwitsa tsamba."

Anatambasula dzanja. Ndinang'amba tsambalo n'kuwapatsa, analipinda kanayi n'kulimanga pamfundo ya chitenje. Anati kukhululuka akhululuka, chifukwa nawonso amafuna kukalowa kumwamba, koma dzina lawo ndi la mwana wawo ndisadzalembenso paliponse, ngakhale atadwala chotani.

Kulemba sindinasiye. Ndimakhulupirirabe kuti anandiitana ndi Mulungu Lachinayi lija, ngakhale za mawu amene ndinamva pamsika ku Masambanjati sindinganenenso chimodzimodzi. Bolopeni yofiira ndinaiponya m'chimbudzi. Masiku ano ndikalemba munthu ndimamuwerengera mokweza zonse zimene ndalemba, iye ali pomwepo, ndisanatseke kope. Ena amadabwa, amati sitikukukayikirani. Ndimawauza kuti ndikudzikayikira ndine.

Lolemba lake achemwali anapempha kapitawo kuti awasinthe mzere, akuti mwendo ukufuna malo osatsetsereka. Tinakumana pasikelo masana, madengu ali kumsana, ine kumbuyo kwawo. Anatembenuka n'kundipatsa moni mwaulemu wonse, mawondo atapinda pang'ono, mmene timachitira ndi anthu a muofesi.

"Mwaswera bwanji, akalaliki?"

Mpaka lero amandiitana choncho, ndipo ndimayankha.